Chikasu cha pakhosi ndi mafuta a kumchira: zimene zinandichitikira poweta corn snake ku Mulanje

M'chaka cha 2020, matenda a Covid-19 atalowa m'dziko muno, bwana wina wa ku South Africa amene ndinkagwira naye ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje anaganiza zobwerera kwawo mwadzidzidzi. Katundu wake yense anapeza ogula, koma panatsala chinthu chimodzi chimene palibe ankafuna ngakhale kuchiyandikira, ndicho kanjoka koyera ka mtundu wa corn snake kamene mwana wake ankaweta m'bokosi lagalasi. Poti ine ndinali nditazolowera kukaona ndikapita kunyumba kwawo ndi mapepala a kuofesi, ndinavomera kukatenga. Anandipatsa bokosilo, makalata a chilolezo amene kanalowera m'dziko, mbewa zoyera zoweta zingapo, ndiponso malangizo awiri okha: kuti kanjokako ndi albino, ndiponso kuti kamadya kamodzi pa sabata. Malangizo onsewa anali ndi choonadi chake, koma anali operewera, ndipo kuperewera kwakeko ndi kumene kunafikitsa njokayo kwa dokotala patapita zaka ziwiri.

Corn snake si njoka ya kuno. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa United States, m'madera monga Florida, Georgia, South Carolina ndi North Carolina, kumene imakonda kusaka makoswe ndi mbewa pafupi ndi minda ndi nkhokwe. Ilibe ululu ngati mphiri, imapha nyama yake poikulunga ndi kuifinya monga imachitira nsato, ndipo ikakula nthawi zambiri imatalika pakati pa mita imodzi ndi mita imodzi ndi theka. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, ina kupitirira pamenepo, choncho amene akuitenga adziwe kuti watenga udindo wa nthawi yaitali. Makalata aja ndinawasunga mosamala, ndipo amene akufuna kulowetsa nyama yotere m'dziko ayambe wafunsa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi yoona za ziweto asanatulutse ndalama iliyonse.

Kunyumba nkhani sinalandiridwe bwino. Akazi anga ataona bokosilo anangoti, "Abambo, mukufuna anthu atiotchere nyumba?" Sanali kukokomeza, chifukwa kuno munthu wosunga njoka amanenedwa kuti ndi wokhwimira chuma, ndipo tonse tinkakumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Phalombe mu 2017. Ndinapita kwa amfumu ndi makalata aja, ndinawaitana kuti adzaone okha, ndipo anabwera ndi nduna zawo. Ataona kanjokako kakuyenda pamkono panga popanda kuluma anaseka, koma anandilangiza kuti chitseko cha bokosi chizikhala chokhoma ndipo ndisamabise kanthu kwa anansi. Malangizo amenewo ndawatsata mpaka lero.

Nthawi imeneyo kanjokako kanali ndi chaka chimodzi, kakang'ono ngati chala, koyera mosakanikirana ndi kufiirira kwa pinki, maso ake ofiira. Sindinakayeze pa sikelo ngakhale kamodzi, chifukwa sindinkadziwa kuti njoka imayezedwa. Ndinkangokapatsa mwana wa mbewa Loweruka lililonse, ndipo kankameza mosanyinyirika.

Miyezi itapita ndinayamba kuona mtundu wachikasu m'mbali mwa khosi ndi pansi pa chibwano. Poyamba unali wosaoneka bwino, koma njokayo ikafundula chikopa, chikasucho chinkaonjezereka n'kumatsika cha m'nthiti. Kwa ife chikasu pathupi ndi chizindikiro cha matenda a chiwindi, choncho mtima wanga unathamangira komweko. Kenaka sabata ina ndinapeza maso ake achita mtambo, khungu lonse latuwa, ndipo inakana chakudya n'kumangobisala. Ndinagwirizanitsa zinthu ziwirizi n'kutsimikiza kuti njokayo ikudwala chifukwa chosakhuta. Itayambanso kudya ndinaonjezera chakudya, mbewa ziwiri pa sabata m'malo mwa imodzi, ndipo itakula ndinayamba kuipatsa mbewa zikuluzikulu zimene zinali zitasiya kuswana.

Zimene ndinkaona zonsezo sizinali matenda, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti woweta watsopano amvetse bwino. Mtundu wa corn snake umachokera ku utoto wa m'khungu lake: wakuda, wofiira ndi wachikasu. Ya kutchire ili ndi utoto wonsewu, thupi lake ndi la olenji kapena lofiirira, pamsana pali zigamba zofiira zozunguliridwa ndi mzere wakuda, ndipo kumimba kuli timabokosi takuda ndi toyera tosinthanasinthana. Oweta amaitcha normal. Ikabadwa yopanda utoto wakuda amaitcha amel, ndipo imeneyi ndi imene anthu ambiri amati albino, koma siyoyera ayi: imakhala yofiira, ya olenji ndi yachikasu, mizere yozungulira zigamba imakhala yoyera, maso ofiira. Woyamba kuswetsa amel zoweta anali Dr. Bernard Bechtel wa ku America mu 1961, pogwiritsa ntchito yamphongo imene inagwidwa kutchire ku North Carolina mu 1953. Ikabadwa yopanda utoto wofiira amaitcha anery, ndipo imakhala yotuwa ndi zigamba zakuda kapena zodera, maso ake akuda. Ikasowa wakuda ndi wofiira womwe, imakhala yoyera ndi zigamba za pinki zosaoneka kwambiri, maso ofiira, ndipo imeneyo ndi snow. Yanga inali snow, ndipo snow pamodzi ndi anery zimayamba kuonetsa chikasu m'khosi ndi m'mbali zikamakula, chifukwa utoto wachikasu umabwera mochedwa ndipo sunachotsedwe. Ilipo ina yotchedwa blizzard, yochokera ku amel ndi charcoal (ina yotuwa yopandanso utoto wofiira), imene ikakula imayera pafupifupi thupi lonse, zigamba n'kuzimiririka, ndipo chikasu chimakhala chochepa kwambiri kapena osaoneka konse. Akanandiuza kuti ndi snow, ndikanafufuza dzinalo n'kudziwa kuti chikasucho chinali chizindikiro chakuti njoka ikukula basi.

Kutuwa kwa khungu ndi mtambo wa m'maso kuja kunali kukonzekera kufundula. Njoka ikatsala pang'ono kuvula chikopa, pakati pa chikopa chakale ndi chatsopano pamalowa timadzi, maso amaoneka otuwa mobiriwira, siona bwino, ndipo nthawi zambiri imakana kudya. Pakapita masiku ochepa maso amayera, kenaka imafundula, mtundu n'kubwerera wowala kuposa kale. Nthawi imeneyi siyoyenera kuweruzira mtundu wa njoka, ndipo siyoyenera kuikakamiza chakudya. Chimene imafuna ndi madzi okwanira m'mbale ndi pobisala pachinyezi pang'ono.

Ndaphunzira kuti pofuna kudziwa mtundu wa corn snake munthu ayambe ndi maso, kenaka mimba, mapeto ake msana, ndipo aione kunja kukuwala osati pansi pa babu lachikasu kapena pa chithunzi cha pafoni. Maso ofiira akutanthauza kuti utoto wakuda palibe. Mimba yopanda timabokosi tija ikuloza ku motley, stripe kapena bloodred. Motley imakhala ndi zigamba zolumikizana mpaka kusiya timadontho tozungulira pamsana, stripe ili ndi mizere yotsika kuchokera kumutu mpaka kumchira, pamene bloodred imafiira kwambiri ikamakula ndipo zigamba za m'mbali zimazimirira. Mayina ena ndi a malo: Okeetee inatchuka kuchokera ku Jasper County ku South Carolina ndipo imadziwika ndi mizere yakuda yokhuthala yozungulira zigamba, pamene Miami ili ndi thupi lotuwa ndi zigamba zofiira. Ana a njokazi amapusitsa, chifukwa normal ikangoswedwa kumene imaoneka yodera ndi yotuwa mwakuti wosadziwa angaiyese anery, ndipo olenji amabwera pang'onopang'ono m'chaka choyamba ndi chachiwiri.

Pofika kumayambiriro kwa 2022 njoka yanga inali yaikulu ndipo ndinkainyadira. Alendo ankati ikuoneka kuti ikudya bwino, ine n'kumamva ngati andiyamikira. Ikadzikulunga, m'mbali mwake munkachita makwinya, ndipo pakati pa mamba ake pankaoneka khungu la pinki ngakhale isanadye kanthu. Pafupi ndi potulukira chimbudzi panali potupa mbali zonse ziwiri, kenaka mchira n'kuwonda mwadzidzidzi ngati wochita kulumikiza. Poti ndinali nditamva kuti njoka yaikazi imatha kuikira mazira osaswa ngakhale popanda yamphongo, ndinaganiza kuti ndi mazira, ndipo ndinaiikira kabokosi ka dothi lachinyezi. Sinaikire. Inasiya kukwera nthambi imene inali m'bokosi, inkangogona malo amodzi tsiku lonse, ndipo ndikainyamula sinkagwira mkono mwamphamvu ngati kale, inkangolendewera.

Zinafika poipa mu June chaka chomwecho. Amene amakhala kuno amadziwa chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza ndi nkhungu yophimba phiri lonse, kuzizira kolowa mpaka m'nyumba. Loweruka lina ndinaipatsa mbewa yaikulu monga mwa nthawi zonse, usiku womwewo magetsi anazima, ndipo sanayake mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Kamphasa ka magetsi kamene kamafunditsa pansi pa bokosi kanazizira. Njoka ilibe kutentha kwakekwake m'thupi, imadalira malo amene ili, ndipo kukazizira chakudya sichigayika, chimayamba kuola m'mimba. Lachiwiri m'mawa tinadzutsidwa ndi fungo loipa kwambiri. Inali itasanza mbewa yonse, yonyowa, yotupa, ubweya utayamba kusosoka, ndipo yokha inali itagona pambali pa mbale ya madzi mutu uli pansi. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo akazi anga, amene poyamba sankafuna n'kuiona komwe, ndi amene anati, "Pitani nayo kwa adokotala, musadikire kuti ifere m'nyumba muno."

Kupeza dokotala wa ziweto wovomera kuona njoka sikunali kwapafupi. Amene ndinawafunsa pafupi ankadziwa za ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi agalu, ndipo anandiuza poyera kuti njoka sanaigwirepo. Ndinataya pafupifupi sabata ndikuimba mafoni mpaka ndinalozeredwa kwa dokotala wina ku Blantyre. Ndinaika njokayo m'kathumba ka pilo, n'kumanga kukamwa, n'kukaika m'kontena yapulasitiki yoboola pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo, zonse m'chikwama. Ndinakwera minibasi pa Chitakale kudzera msewu wa Midima mpaka ku Limbe chikwama chili pamiyendo, ndipo kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo ndi katundu wina ndinakana kwamtuwagalu osanena chifukwa.

Dokotalayo asanafunse zambiri anaiika pa sikelo. Inalemera magalamu 880, kutalika kwake mita imodzi ndi masentimita 20. Anaisisita pamimba ndi chala kuchokera pakati kutsika kumchira ndipo anati mazira mulibe, chifukwa mazira amamveka ngati timibulu totsatizana, pamene apa panali pofewa paliponse. Kutupa kwa kumchira kuja kunali mafuta. Anandionetsa msana wake, umene unali utalowa pansi n'kusiya kamgula pakati pa mafuta a mbali ziwiri, ndipo anafotokoza kuti corn snake yathanzi ikadulidwa mopingasa ingaoneke ngati buledi wa m'chikombole, pansi pophwatalala, m'mbali mowongoka, pamwamba pozungulira pang'ono. Yowonda imasongoka pamwamba chifukwa fupa la msana limatuluka, yonenepa imangokhala yobulungira mbali zonse. Ndinawafunsa za chikasu chija, ndipo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, chikasucho musiyeni, ndi chake. Chimene chingawononge chiwindi chake ndi mafutawa." Ulendowo, kuonana ndi dokotala ndi kuyezetsa chimbudzi kuti aone ngati muli njoka za m'mimba zinandidyera ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga a mwezi umenewo.

Lamulo loyamba linali lakuti ndisaipatse kanthu kwa masabata awiri. Njoka ikasanza, kum'mero ndi m'mimba mumakhala mutapweteka ndipo timadzi togayira chakudya timakhala titachepa, choncho kuipatsa chakudya msanga kumangobweretsa kusanza kwina, ndipo kusanza kobwerezabwereza kumapha. Masabata awiri atatha ndinaipatsa kambewa kakang'ono, theka la kukula kwa zimene inazolowera, ndipo sindinaigwire kwa masiku awiri itadya. Kanakhazikika.

Kenaka inayamba ntchito yeniyeni yochepetsa thupi, imene ndi yochedwa kuposa mmene ndinkaganizira. Malangizo a kamodzi pa sabata aja ndi a njoka yaing'ono imene ikukula, imene imadya masiku asanu mpaka asanu ndi awiri aliwonse. Yaikulu imakwanira mbewa imodzi pa masiku 14 mpaka 21, ndipo mbewayo isakule kupitirira kamodzi ndi theka poyerekeza ndi pamene thupi la njoka lakula kwambiri. Corn snake simakana chakudya chifukwa chakuti yakhuta, kutchire imadya ikapeza mwayi poti sidziwa kuti idzapezanso liti, choncho kutulutsa lilime ndi kuyendayenda pagalasi madzulo si umboni wakuti ili ndi njala. Ndinayamba kuipatsa mbewa imodzi ya magalamu 20 mpaka 25 pa masabata atatu aliwonse. Dokotala anandichenjeza kuti ndisaimane chakudya kwa miyezi pofuna kufulumizitsa zinthu, chifukwa nyama yonenepa ikamanidwa chakudya mwadzidzidzi mafuta amathamangira kuchiwindi n'kuchilemetsa.

Mbewa zomwe zinafunikanso kusintha. Ndinkazidyetsa mtedza ndi madeya ambiri, ndipo zikuluzikulu zosiya kuswana zija zinali mafuta okhaokha. Ndinachepetsa mtedza, ndinayamba kusankha zimene zangokula kumene, ndipo ndimazipha mwachangu n'kuzisunga mufiriji yowumitsa, tsiku lodyetsa n'kusungunula imodzi m'madzi ofunda mpaka ifewe ndi mkati momwe. Mbewa yamoyo ikhoza kuluma njoka kumaso, makamaka njoka yaulesi ngati mmene inalili yanga. Mlamu wanga anandiuzapo kuti ndikuvutikiranji pamene ana angandikumbire mbewa kumunda, koma mbewa za kutchire ndi makoswe a m'nyumba zimakhala ndi nthata ndi njoka za m'mimba, ndipo sungadziwe ngati khoswe wadya mankhwala amene anansi atchera.

Ndinagula sikelo yaing'ono ya kukhitchini yowerenga magalamu, choyezera kutentha, ndi thermostat, kachipangizo koletsa kamphasa kaja kutentha mopitirira muyeso, zonse ku Limbe. Mbali imodzi ya bokosi ndimaisunga pa madigiri 28 mpaka 30, mbali inayo pa 22 mpaka 24, kuti njoka izisankha yokha pokhala. Magetsi akazima m'nyengo yozizira ndimaika botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pansi pa mbali imodzi n'kufunditsa bokosi ndi bulangeti, kusiya mpata wa mpweya. Ndikaona kuti chiperoni chayamba ndipo magetsi akuvuta, tsiku lodyetsa ndimalisuntha, chifukwa njoka yaikulu kudikira sabata ina sikuipweteka, pamene kudya kenaka n'kuzizidwa kumaisanzitsa. Kuyeza ndimachita kamodzi pa mwezi, isanadye ndiponso itachita kale chimbudzi, poiika m'kontena imene ndayamba ndachotsera kulemera kwake, ndipo nambala ndimalemba m'kope pamodzi ndi tsiku limene yadya ndi limene yafundula.

Bokosi lagalasi lija linali litachepa. Mmisiri wa matabwa anandikhomera lina lotalika mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo ndinaikamo nthambi zolimba zokwerapo ndi mobisala muwiri. Mmisiriyo anandipatsa thumba la utuchi kuti ndiyale pansi, koma ndinalikana chifukwa unali wa paini. Utuchi wa mitengo yafungo monga paini ndi mkungudza uli ndi mafuta amene amapweteka mapapo ndi khungu la njoka, choncho ndimayala mapepala wamba, amenenso amandithandiza kuona chimbudzi chake msanga. Madzulo ena ndimaitulutsa kuti iyende pamkeka ndi kukwera pampando kwa mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono, chitseko ndi mawindo zili zotseka, ndipo ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo chifukwa njoka zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella.

Miyezi itatu yoyambirira sikelo inkangoonetsa kusintha kwa magalamu ochepa kwambiri, ndipo ndinakhumudwa mpaka kuganiza kuti sikeloyo ndi yowonongeka. Thupi la njoka limagwiritsa ntchito chakudya pang'onopang'ono, choncho mafuta a zaka ziwiri sangachoke pa nyengo imodzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atasakaza boma lathu tinakhala masiku ambiri opanda magetsi, mbewa zonse za mufiriji zinaonongeka ndipo ndinazikwirira. Pa mavuto amene anthu anaona nthawi imeneyo izi zinali zazing'ono kwambiri, ndipo njokayo inadutsa mwezi wathunthu osadya popanda vuto lililonse. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho inali pa magalamu 640, kamgula ka pamsana katatha, mamba atagwirananso, ndipo inayambanso kukwera nthambi usiku. Mafuta a kumchira anachepa koma sanatheretu, ndipo dokotala anali atandiuziratu kuti amenewo nthawi zina amatsalira.

Ili pafupi kuchira, munthu wina wa ku Blantyre amene ali ndi yamphongo ya normal anandipempha kuti tiziphatikize, akuti tidzagawane ana oyera amene amagulidwa mokwera mtengo. Ndinamufunsa za makolo a njoka yakeyo ndipo sankadziwa. Amel ndi anery ndi zibadwa zobisala, zimaonekera pokhapokha mwana atazilandira kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe. Snow ikaphatikizidwa ndi normal imene ilibe zibadwazi, ana onse amatuluka normal, kungoti amanyamula amel ndi anery mobisika, ndipo oweta amati ndi het. Ana amenewo akadzaphatikizidwa okhaokha, mwayi wakuti dzira limodzi litulutse snow ndi umodzi pa 16. Palibe amene angazindikire het poyang'ana ndi maso, umboni wake ndi mbiri ya makolo kapena ana amene yabereka, choncho wogulitsa akakweza mtengo ponena kuti njoka yake ndi het, afunsidwe za makolo ake. Ndinakana pempholo, chifukwa njoka yaikazi yonenepa imavutika kutulutsa mazira ndipo amatha kukakamira m'mimba, komanso corn snake imaikira mazira 10 mpaka 30 nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa anthu okwana chiwerengero chimenecho kuno ku Mulanje amene angalandire njoka m'nyumba mwawo.

Panopa imadya mbewa imodzi pa masiku 14 mpaka 18 m'nyengo yotentha, ndipo m'miyezi ya June ndi July ndimatalikitsa mpaka masabata atatu. Kulemera kwake kumasewera pakati pa magalamu 600 ndi 630, ndipo ndikaona kuti kwakwera miyezi iwiri yotsatizana ndimachepetsa kukula kwa mbewa ndisanasinthe masiku.